Pepala lalikulu ndi saka lonyowa

Ndinabadwira m'komboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Tengwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene ndikukhalamo mpaka lero. Bambo anga anabwera wapansi kuchokera ku Dedza ali mnyamata, amayi anabadwira konkuno. Onse awiri agona kuseri kwa mabani a fodya, pansi pa mitengo ya bulugamu, ndipo mwamuna wanga anawatsatira komweko. Ku Malawi sindinapondeko. Anthu akamati ife tibwerere kwathu, ine ndimangoyang'ana chitseko changa, chifukwa kwathu kwina sindikudziwa.

Sukulu ndinalekera Giredi 6, kenako ndinalowa m'shedi yosankhira fodya ndili kamtsikana. Manja angawa amadziwa fodya kuposa china chilichonse. Ndikhoza kutsinzina n'kukuuzani kuti tsamba ili ndi lapansi, ili ndi lakunsonga, ili linapsa m'bani. Koma fumbi la fodya silinandipatse nzeru zokha. Linandikhala m'chifuwa, moti a nesi a ku kiliniki anandiuza mosabisa kuti ndikabwereranso m'shedi ndikhala ndikudzikumbira ndekha.

Mzungu atachoka, pulazi inagawidwa. Gawo lokhala ndi komboni, mabani ndi shedi linagwera bwana wina wa ku Harare ndi mkazi wake, amene tonse timangowatcha madamu. Iwo anaika lamulo limodzi: nyumba iliyonse ya m'komboni izitulutsa munthu mmodzi wogwira ntchito pa pulazi. Nyumba yopanda dzanja ipatsidwe kwa ena. Mwamuna wanga ali moyo, dzanja lathu anali iye, ankasonkha moto m'mabani. Atamwalira ndinatsala ndekha ndi chifuwa changa. Mwana wanga ndi mmodzi, wamkazi, ndipo ali ku Joni, amagwira ntchito m'shopu yolemba mayina pa makapu ndi pa malaya.

Ndiye amene anandipulumutsa, Mulungu amusunge. Anabwera pa Khirisimasi ndi makatoni atatu: makina odulira mapepala, pirinta yaing'ono, ndi batire ya sola. Makinawo ndi aatali ngati mkono, oyera, ali ndi pakamwa potseguka.

"Mwandibweretsera wailesi yopanda mawu," ndinatero.

"Amayi, iyi ndi khasu lanu latsopano. Khalani pansi muphunzire."

Anandiphunzitsa milungu itatu, ndipo sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale ndinkadina zolakwika mpaka foni kuzizira. Ntchito yake imayenda chonchi. Chithunzi umachikonza pa foni. Pirinta imachisindikiza pamodzi ndi mizere yakuda m'makona a pepala. Pepalalo umalimata pa kamphasa ka pulasitiki konanda, n'kukalowetsa m'makina. Makina ali ndi kadiso kowala kamene kamayenda kufunafuna mizere ija. Kakaipeza, kamadziwa pamene chithunzi chagona, ndipo kampeni kakang'ono ngati munga kamadula mozungulira chithunzicho osaphonya. Tsiku loyamba nditaona duwa likutuluka lodulidwa bwinobwino, ndinaimba nyimbo ya ku Mvano ndili chiimire.

Mwana wanga asanabwerere, tinapita limodzi ku nyumba yaikulu. Madamu ankagulitsa mazira ku Karoi, komanso uchi ndi dovi, chiponde cha mtedza chija, m'mabotolo opanda chilembo. Tinawaonetsa masitika amene tinapanga, okhala ndi njuchi ndi dzina la pulazi. Anawatembenuza kawiri katatu, kenako anati, "Chabwino, Mbuya. Muzindipangira amenewa. Ikhala ntchito ya nyumba yanu."

Ndinagwada pakhonde pomwepo kuwathokoza. Zaka ziwiri ndinadya ndi kugona mwamtendere. Zonse ndinkapanga pa pepala wamba la A4, lofanana ndi la m'maofesi, ndipo sindinalakwitsepo botolo ndi limodzi lomwe. Chifuwa chinayamba kundisiya. Ku tchalitchi ndinkatha kuimba vesi yonse osaima.

Chaka chachitatu, Pasaka itangodutsa, mwana wa madamu ankakwatiwa. Madamu anandiitana Lolemba, ukwati uli Loweruka.

"Mbuya, ndikufuna zazikulu. Osati tizinthu tanu ta pa mabotolo. Pa tebulo lililonse paime chithunzi cha mkwati ndi mkwatibwi, chachikulu ngati thireyi, chodulidwa motsatira matupi awo. Matebulo ndi khumi. Ndawauza kale apongozi anga kuti zonse za ukwati uno zichokera pa pulazi pano, kuyambira ng'ombe mpaka zokongoletsa. Mutha?"

Ndikanati sindinayesepo. Koma munthu amene nyumba yake ili m'manja mwa wina sanena kuti sindingathe. Ndinati, "Nditha, madamu."

Madzulo ake ndinalankhula ndi mwana wanga. Anati n'zotheka, makinawo amadula pepala la A3, lomwe ndi A4 awiri ogundana, bola ndigwiritse mphasa yaitali imene inabwera ndi makina, yomwe ndinali nditaisunga kuseri kwa kabati osaigwirapo. Vuto linali pirinta yanga, pakamwa pake ndi papang'ono, A3 salowa. Ndiye ndinayenera kukasindikizitsa ku Karoi. Anandikonzera chithunzi, n'kundiuza zinthu zitatu, ndipo anandibwerezetsa ngati katekisimu.

"Choyamba?"

"Ndisankhe A3 pa foni ndisanasunge fayilo."

"Chachiwiri?"

"Wa ku shopu asachepetse, asakulitse. Asindikize mmene chiliri."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa mizere ikasuntha, diso limanamizidwa, mpeni n'kudula pena."

"Chachitatu?"

"Ndisadule mizere yakuda ngakhale ikuoneka ngati litsiro."

"Mwakhoza, Amayi. Mukanapitiriza sukulu, bwenzi muli a hedimasitala."

Za madzi sanatchule. Sindimuimba mlandu. Ndani akanaganiza kuti n'zofunika kuzitchula?

Lachinayi ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, m'mawa. Madamu anandipatsa zolipirira ulendo ndi zosindikizira, n'kunena kuti zithunzi azipeze pakhonde pawo Lachisanu dzuwa lisanapendeke. Mu shopu ya ku Karoi munali mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto. Anatsegula fayilo pa kompyuta, n'kuti, "Gogo, mphepetezi zatsala zazikulu. Ndikukonzereni kuti chithunzi chidzaze pepala?"

"Ayi, mwanangu. Usachikhudze. Chituluke mmene chabwerera."

"Nanga timizere takudati? Ndifufute?"

"Amenewo ndiye maso ake. Asiye."

Anandiyang'ana ngati akuona mbuzi ikuwerenga nyuzipepala, koma anachita zimene ndinanena. Ndinamva kukoma mumtima. Ndinati misampha yonse itatu ndaidumpha. Anasindikiza mapepala khumi ndi awiri, awiri apadera, pa pepala lolimba lonyezimira. Mkwatibwi anali wokongola zedi, zimenezo sindingamuchotsere. Ndinamuona akukula mwana ameneyo, ankabwera pa holide n'kumandipatsa moni mwaulemu. Mtsikana wa mu shopu anakulunga mapepala onse pamodzi, mothina ngati mpukutu wa mphasa, anamanga ndi mphira, n'kundipatsa. Mu kombi ndinaukumbatira pachifuwa kuti wina asaukhalire. Dzuwa linkalowa pa zenera n'kumautentha njira yonse. Kombi inafera pa njira kawiri, ndinafika kunyumba kukuda, ndipo ndinauika pa kabati uli chimangire.

Lachisanu m'mawa ndinamasula mphira. Mapepala anakana kutambasuka. Ndikatambasula uku, uko kwapindika. Ndikalimata pa mphasa yaitali, pakati pagwira koma makona adzuka ngati makutu a galu. Ndinayesa kulowetsa limodzi choncho. Kadiso kanayenda, kanabwerera, kanayendanso, makina n'kulira kuti sakuona mizere. Katatu konse. Ndinaimbira mwana wanga, foni yozima. Kuntchito kwawo amatsekera mafoni m'kabati mpaka madzulo.

Apa n'kuti mnzanga wa khomo loyandikana atatulukira. Ameneyu tinakhala pa benchi imodzi m'shedi kuyambira tili atsikana, ndipo iye akadali momwemo. Tsiku limenelo anawapatsa tchuthi kuti akasende mbatata za ukwati. Anaima pakhomo, manja m'chiuno, kundiyang'ana ndikulimbana ndi pepala ngati ndikugwira nkhuku.

"Achemwali, mwakalambira m'fodya, lero mugonje ndi pepala?"

"Likukana kugona."

Analigwira, n'kulipinda pang'ono pafupi ndi khutu, monga timachitira ndi tsamba kuti timve ngati lili ndi chinyezi. Linalira kuti khwa.

"Laumitsitsa ili. Likufuna kufewetsa basi."

Ndinene zoona pamaso pa Mulungu, maganizo amenewo anali kale m'mutu mwanga iye asanalankhule. Fodya akatuluka m'bani amakhala wouma, wopindika, ukamugwira amafumbutuka. Sumusankha choncho. Umamulowetsa kaye ku nthunzi, ndipo masiku amene boyila yafa tinkanyowetsa masaka, kuwafinya, kuyala pansi, kuika fodya, n'kufunditsa saka lina. Pakapita kanthawi tsamba limagona, limafewa ngati nsalu, umalitambasula mmene ukufunira. Moyo wanga wonse, chinthu chouma chopindika mankhwala ake anali amenewo. Sindinakayike n'komwe. Ndinaona ngati Mulungu wandikumbutsa nzeru imene ana a masiku ano alibe.

Tinatenga masaka awiri oyera bwino, tinawaviika, tinawafinya aliyense mbali yake mpaka osadontha. Tinayala limodzi pa simenti, tinandandalika mapepala, tinafunditsa linalo. Onse khumi ndi awiri. Apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Fodya sufewetsa tsamba limodzi limodzi, umafewetsa mulu wonse kuti ukhale wofanana. Manja anachita zimene anazolowera. Ndikanayesa limodzi lokha, bwenzi nkhani ino kulibe.

Tinamwa tiyi. Patapita ngati ola tinavundukula. Mapepala anali atagona fulati, ofewa, ozizira. Mnzanga ananyamula limodzi, analinunkhiza, analiika patsaya, n'kuyamba kuyenda chokhotakhota ngati ogula a ku okushoni.

"Giredi yoyamba iyi! Mlimi wake ndani? Mupatseni njinga!"

Tinaseka mpaka ine kutsokomola. Kenako iye anapita ku mbatata zake, ine n'kutsala ndi makina.

Pepala linamata pa mphasa bwinobwino, makona onse anayi. Kadiso kanayenda, kanapeza mzere woyamba, wachiwiri, onse. Ndinati zikomo Ambuye. Mpeni unatsika. Unayamba bwino pa nsapato ya mkwati, unakwera mwendo, koma pofika pa phewa ndinamva kulira kwachilendo. Mpeni sunkadula, unkakoka. Pepala lonyowa linakwinyika patsogolo pake ngati khungu la mkaka, linang'ambika, ndipo ndisanapeze batani loimitsira, mpeni unali utadutsa pa tsaya la mkwatibwi mpaka pa diso.

Ndinati mwina ndi limodzi lokha. Lachiwiri linachita chimodzimodzi. Pamene ndinkalimatula pa mphasa, nkhope ya mkwati inatsalira pomwepo, pepala n'kutuluka ndi dzenje.

Ndinathamangira nawo panja otsalawo, ndinawayanika pa waya ndi mapegisi. Dzuwa linawaumitsa msanga, koma sanabwerere mmene analili. Anauma ndi mafunde ngati lata. Ndipo pa kuwala kwa panja m'pamene ndinaona china: diresi loyera la mkwatibwi linali litadindidwa timabokosi tofiirira, ulusi wa saka, kuyambira pa chifuwa mpaka pansi. Utoto wa suti ya mkwati unali utayenderera n'kulowa m'maluwa. Ndinayesabe atatu ouma m'makina. Diso linkaipeza mizere, koma pepala linali litafutukuka pena n'kukhwinyata pena, ndiye chithunzi sichinalinso pamene makina ankaganiza. Limodzi mpeni unadula khutu. Lina unasiya mphepete yoyera yaikulu ngati chala mbali imodzi, mbali inayo n'kudya mkono.

Ndinakhala pansi pa simenti. Sindinalire. Ndinatenga sizasi yanga yosokera, ndinasankha asanu amene anali abwinoko, monga mmene umasankhira m'fodya woonongeka ndi matalala, n'kuwadula ndi manja. Dzuwa litapendeka ndinawakulunga m'chitenje choyera n'kukwera ku nyumba yaikulu.

Pabwalo anali akukhoma tenti. Madamu anali pakhonde ndi mng'ono wawo wochokera ku Harare. Ndinagwada, ndinatambasula chitenje. Anayang'ana nthawi yaitali. Ananyamula chimodzi ndi zala ziwiri.

"Mbuya, mwaziphika?"

"Ayi, madamu."

"Nanga mwazitani? Makina afa?"

Apa ndikanatha kunama. Ndikanati wa ku Karoi ndiye anasindikiza zoipa, kapena mvula inandipeza pa njira. Koma ndine mayi wa Mvano, ndipo mtsikana uja sanandilakwire. Ndinafotokoza zonse, za kupindika, za masaka, za mmene timachitira ndi fodya. Dzina la mnzanga sindinalitchule.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Kukalipa ndikanakusenza. Koma madamu anaseka. Anagwira mng'ono wawo pa mkono, misozi ikutuluka.

"Wamva? Afewetsa mwana wanga ngati fodya! Amuika m'saka!"

Mng'ono wawoyo anapukusa mutu n'kuti, "Ndinakuuzani, sisi. Anthu a m'komboni awa ungawapatse ndege, aikamo nkhuku."

Ine ndili chigwadire. Anyamata okhoma tenti anasiya nyundo n'kumamvetsera. Madamu atatha kuseka anapukuta m'maso, nkhope n'kuuma.

"Mwandichititsa manyazi kwa apongozi. Tsopano ndituma galimoto ku Chinhoyi usiku uno. Mverani, Mbuya. Poti fodya ndiye mumamudziwa, Lolemba mukaonekere ku shedi. Ngati chifuwa sichilola, mundiuze tsiku lotulutsa katundu. Pali banja la anyamata atatu likufuna nyumba."

Ndinati, "Zikomo, madamu." Pakamwa panazolowera. Ndinapinda chitenje changa n'kutsika.

Mwana wanga anaimba ataweruka. Nditamuuza, anati, "Amayi, mukanangowakulunga chobwerera. Kapena kuwaika pansi pa matiresi. Basi. Zinali zokwanira." Atamva za shedi anayamba kulira. Anati ndisiye nyumbayo, andipezera chipinda ku Karoi, makina ndizikagwirira kumeneko. Ndinamufunsa kuti nanga manda a agogo ake ndi a bambo ake azilambula ndani. Chaka chatha thirakitala inalima mpaka kugumula mwala wa manda a mwana wa anthu ena, chifukwa abale ake anasamuka, panalibe woimirira kutsogolo kwake. Ine ndikachoka m'komboni muno, pa geti sadzandilolanso kulowa popanda chifukwa.

Loweruka ndinali kuseri kwa tenti ndi amayi anzanga, kutsuka mbale. Pamene ndinkatolera makapu ndinaona zimene zinachokera ku Chinhoyi. Zinali zithunzi za makona anayi, zomata pa katoni, zosadulidwa n'komwe motsatira thupi. Pa tebulo lina anali atagoneka chimodzi n'kuikapo botolo la chakumwa. Palibe mlendo amene ndinamuona akuchiyang'ana. Mkwatibwi atandiona anandikweza dzanja n'kumwetulira. Sindikudziwa ngati anamuuza.

Lolemba ndinamanga kansalu pamphuno n'kulowa m'shedi. Fungo linandilandira pakhomo ngati silinandisowe. Kapitawo anandilozera malo anga akale, pa benchi yomweyo. Mnzanga anasendera kundipatsa malo, osandiyang'ana. Tinasankha mpaka nthawi ya tiyi. Kenako anati, chapansipansi, "Achemwali, pakamwa pangapa."

Ndinati, "Saka tinafinya awiri."

Anandigawira mbatata yake. Sitinaikambenso nkhaniyo.

Tsopano ndi nyengo yachiwiri ndili m'shedi. Fodya akatha amanditumiza ku nazale kapena kukapalira. Nyumba ndili nayo, chitseko ndi changa, ndipo Loweruka lililonse ndimadutsa kuseri kwa mabani ndi khasu. Pa zimenezi ndimathokoza, ndipo sindikunena mwamwambo chabe. Masitika a dovi ndi uchi madamu amawafunabe, anati a ku tauni samata bwino ngati anga. Koma tsopano sawerengedwa ngati ntchito ya nyumba. Ndimawapanga Lamlungu ndikabwera ku tchalitchi, ndipo amati ndikuwathandiza.

Pepala lalikulu ndinabwereranso kukaliyesa, chifukwa mtima sunkandipatsa mtendere. Mwana wanga anakulitsa kachithunzi ka bambo ake ka pa chitupa. Ndinapita ku Karoi ndi makatoni awiri afulati, ndinamuuza mtsikana uja kuti asakulunge, ndinaliika pakati pa makatoniwo n'kumanga ndi chingwe. Kunyumba ndinaligoneka pansi pa matiresi masiku awiri ngakhale linali lowongoka kale. Makina analidula kamodzi n'kamodzi, mozungulira makutu, mozungulira kolala, osaphonya ngakhale tsitsi. Sizinatenge nthawi yoti madzi a tiyi n'kuwira. Ndinaima pamenepo nditagwira nkhope ya mwamuna wanga, yaikulu ngati thireyi, yodulidwa bwino kuposa chilichonse chimene chinaima pa matebulo aja, ndipo panalibe woti ndimuonetse kupatula mnzanga. Iye anati, "Akuoneka ngati akufuna kufunsa za ndiwo." Chithunzicho chili pa khoma, pamwamba pa makina.

Chifuwa chabwerera. Ku Mvano ndimayamba nyimbo, anzanga n'kuimaliza. A nesi anandiona mwezi watha, anangondiyang'ana, n'kulemba mapiritsi osandifunsa kanthu. Ndimapempherera mwana wanga, ndimapempherera mnzanga, ndimapempherera ndi mkwatibwi uja, ndamva kuti ali ndi pakati. Madamu ndimayesa. M'mawa uliwonse ndimagwada pa simenti pomwe tinayala masaka paja, ndipo pemphero likafika pa za kukhululukira otilakwira, chifuwa chimandigwira. Ndimatsokomola mpaka belu la ku shedi kulira, ndiye ndimadzuka, n'kumanga kansalu kanga.